Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe: Moyo Wace ndi Banja Lace

 Nkhani yanga ndi ya mlaliki wa kumudzi wa mpingo wa Baptist, John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'dera la Chiradzulu ku Malawi, dziko limene pa masiku ace linali kuchedwa Nyasaland. Ana athu ambiri alidziwa dzina limeneli cifukwa ca nkhondo ya 1915 yokha. Koma nkhondo ija inatha masiku 11 cabe, pamene ulaliki ndi uphunzitsi wace unatha zaka 15. Ndifuna kuti tione zaka zimenezo, tionenso anthu a m'nyumba mwace, amene kawiri-kawiri tingowalambalala.

Chilembwe anabadwa ca m'ma 1871 ku Chiradzulu, pa nthawi imene malonda a akapolo anali asanathe m'dzikomo. Mbiri yofala iti atate wace anali Myao, dzina lao Kaundama, ndipo mai wace anali Mmang'anja wogwidwa pa nkhondo, dzina lace Nyangu. Dzina la Nyangu ife a kuno kum'mawa tilidziwa bwino, pakuti ndilo dzina la mai wa Kalonga pakati pa Acewa. Tsono m'nyumba imodzi munakomana mtundu wogwira ndi mtundu wogwidwa, ndipo mwanayo anakula akudziwa kuti munthu angathe kukhala cuma ca munthu mnzace.

M'caka ca 1892 kunafika Mzungu wa ku England, Joseph Booth, amene anayamba Zambezi Industrial Mission pa Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. Chilembwe analowa nchito ya m'nyumba mwa Booth, ndipo pamene Booth anali pa ulendo, ndiye anali kusamala mwana wace wamkazi Emily, namdwazika m'mene anadwala. Anabatizidwa pa 17 Julaye, 1893. Booth anali wosiyana ndi Azungu ambiri a nthawi ija, cifukwa anali kunena poyera kuti Afrika ndi wa eni ace, nalemba buku la mutu womwewo. M'caka ca 1897 anamtenga Chilembwe kunka naye ku Amereka.

Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kumeneko anthu akuda a mpingo wa National Baptist Convention anamlandira, namlipirira maphunziro pa Virginia Theological Seminary and College, mu mzinda wa Lynchburg. Anaona ana a akapolo ali ndi masukulu ao-ao ndi abusa ao-ao, osatsogoleredwa ndi Mzungu; anaonanso m'mene anthu omwewo anali kunyozedwera ndi kuphedwa popanda mlandu cifukwa ca khungu. Zonse ziwirizi anabwera nazo kwao m'caka ca 1900, atadzozedwa ubusa.

Atafika anagula malo a maekala 93 pa Mbombwe, nayamba Providence Industrial Mission. Anzace awiri a ku Amereka, Mbusa Landon Cheek ndi mai Emma DeLaney, anamthandiza kufikira 1906. Ciphunzitso cace cinali ca kugwira nchito, ukhondo, kubvala bwino ndi kupewa mowa. Analima khofi ndi thonje kuti mishoni idziimire payokha. Pofika 1912 m'masukulu ace munali ana pafupi-fupi 1,000, ndipo mu 1913 anatsiriza kacisi wamkulu wa njerwa, womangidwa ndi manja a anthu a m'midzi yomweyo.

M'nyumba mwace munali mkazi wace Ida, amene anali kuphunzitsa akazi kusoka. Chilembwe anali kukhulupira kuti mtundu sungakwere akazi ali pansi, ndipo anafuna kuti mkazi wace akhale citsanzo ca zimenezi. Anabala ana amuna awiri, John wochedwanso Charlie, ndi Donald, ndiponso mwana wamkazi Emma, amene anamwalira akali wamng'ono. Tikaona cithunzi cao, mwamuna atabvala suti, mkazi atabvala diresi lalitali, tingayese kuti anali anthu a pa mtendere. Koma nyumbayo inali ndi ngongole, ndipo mwini wace anali kubvutika ndi mphumu, maso acenso anali kufooka.

Mabvuto a kunja anaposa a m'nyumba. Mbombwe anali kucita malire ndi minda yaikulu ya A. L. Bruce Estates, imene woyang'anira wace pa Magomero anali William Jervis Livingstone. Anthu okhala m'mindamo, ambiri a iwo Alomwe ocokera ku Mozambique, anali kulipira malo ndi thukuta lao, ndilo thangata, pamwamba pa msonkho wa boma. Ambiri mwa iwo anali Akristu a Chilembwe, ndipo nyumba za udzu zimene anamanga kuti azipemphereramo ndi kuphunziriramo zinatenthedwa mwa lamulo la woyang'anirayo. Inu aphunzitsi mudziwa m'mene mtima uwawira denga la sukulu likangosasuka ndi mphepo. Nanga likatenthedwa dala? Pamwamba pa izi panadza njala ya 1912 ndi 1913, kenaka nkhondo yaikulu ya 1914. Atamva za asilikari akuda amene anafa pa Karonga, Chilembwe analembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times m'mwezi wa Novembala, kudandaula kuti amphawi alikufera nkhondo ya eni cuma, nasiya akazi amasiye amene adzafunsidwabe msonkho. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe.

Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale, 1915, anthu ace anauka. Anapha Livingstone ndi Azungu ena awiri a pa mindayo, koma akazi ndi ana a Azungu sanawapweteke. Gulu lina linapita ku Mandala, ku Blantyre, kukalanda mfuti, koma linangopeza zowerengeka. Tisabise kuti m'mawa mwace, tsiku la Sabata, mbusayo analalika mutu wa Livingstone uli m'kacisi, ndi kuti pa 26 Januwale anthu ace anatentha mishoni ya Akatolika ya Nguludi. Mafumu ndi mitundu imene anayembekeza kuti idzamthandiza sinauke. Pa 3 Febuluwale anaomberedwa ndi apolisi ca ku Mulanje, pafupi ndi malire a Mozambique.

Apa ndi pamene mabuku ambiri a ana alekera, koma mbiri ya banja iyambira pomwepa kuwawa. Anthu pafupi-fupi 40 anaphedwa ndi boma ataweruzidwa, ndipo ena monga 300 anaikidwa m'ndende. Kacisi uja anagwetsedwa ndi wonga, masukulu onse natsekedwa. Ida anatsala wamasiye, mkazi wa munthu amene dzina lace linali loopsa kulichula, ndipo anamwalira ndi nthenda ya fuluwenza mu 1918. Ana awiri aja anakula opanda atate ndi amai. Charlie anakhala moyo wa munthu wamba, naona ufulu wa Malawi mu 1964, namwalira mu 1971. Iye amene anafuna kuti ana a eni ace aphunzire sanathe kutsiriza kulera ace omwe.

Koma mlaliki ali ndi mbumba ziwiri, ya magazi ndi ya m'sukulu. Pakati pa ana oyamba a pa Mbombwe panali mnyamata Daniel Malekebu, wophunzitsidwa ndi mai DeLaney. Iyeyu anawatsatira ku Amereka, naphunzira udokotala pa Meharry Medical College. M'caka ca 1926, patapita zaka 11 mishoni ili bwinja, anabwerera pamodzi ndi mkazi wace Flora, natsegulanso Providence Industrial Mission, namanga kacisi watsopano, sukulu ndi cipatala. Cimene mfuti inalephera kusunga anaciutsa mwana wa sukulu.

Lero Amalawi akumbukira Chilembwe pa 15 Januwale caka ndi caka, ndipo nkhope yace iri pa ndalama zao. Mu 2022 cifanizo cace, copangidwa ndi Samson Kambalu, cinaimikidwa pa Trafalgar Square mu London, likulu la ufumu umene unamupha. Ulemu wotere ngwoyenera, koma ungatinyenge kuti tiziphunzitsa ngwazi yopanda mkazi, yopanda ana, yopanda colakwa.

Cifukwa cace, aphunzitsi anzanga, pophunzitsa mbiri imeneyi tiuze ana zonse. Tiwauze za thangata ndi za masukulu otenthedwa, kuti adziwe cimene cinafikitsa munthu wa Mulungu pa kugwira mfuti. Tiwauzenso za mwazi umene unakhetsedwa mbali zonse, ndi za Ida ndi ana ace amene analipira mlandu umene sanaupalamule. Ana amene auzidwa mbali imodzi adzakula akuyesa kuti ukali ndiwo nzeru, kapena kuti kukhala cete pa zosalungama ndiko Cikristu, ndipo zonse ziwirizi nzabodza. Potsiriza tisaiwale Malekebu. Ambiri a ife tiphunzitsa m'midzi yakutali, kumene mabuku ndi ocepa ndipo woyendera masukulu afika kamodzi pa caka, ndipo nthawi zina tiyesa kuti nchito yathu idzatha pamodzi ndi ife. Mbiri ya Mbombwe itiuza kuti pa mabenci athu pakhala ana amene adzanyamula zimene tawapatsa ife titapita. Tiwapatse zoona, ndipo tiwapatse mosamala.