MPHAKA WOYENDA USIKU NDI NTHENDA YA M'MWAZI

M'komboni iri yonse muli amphaka, ndipo nchito yao idziwika: agwira makoswe amene aononga ufa ndi zobvala. Koma mphaka woyendayenda usiku, makamaka wamwamuna wosafula, amenyana ndi anzace polimbirana akazi ndi malo. M'ndeu zotere ndimo atengamo nthenda yoipa.

M'caka ca 1986 akatswiri awiri, Niels Pedersen ndi Janet Yamamoto, a pa University of California ku Davis, m'dziko la America, anapeza kacirombo kacilendo m'mwazi wa amphaka odwala. Dzina lace ndi FIV. Kacirombo kameneka kakhala m'mwazi ndi m'malobvu, ndipo kalowa mwa mphaka wina pamene mnzace amluma kolimba. Kudyera mbale imodzi sikupatsirana nthendayi kawirikawiri.

Katalowa m'thupi, kaononga pang'onopang'ono asilikari oyera a m'mwazi, amene nchito yao ndiyo kucinjiriza thupi ku matenda. Mphaka angathe kukhala zaka zambiri wooneka wamphamvu. Asilikariwo atacepa, ayamba kuonda, m'kamwa mutuluka zironda, ndipo bala laling'ono licedwa kupola. Ena mwazi uwacepera. Pamenepo nkhama zao, zimene ziyenera kukhala zofiirira, ziyera mbuu. Utitiri nao, pakuyamwa mwazi, uonjezera bvutolo.

Pakuti kacirombo aka ndi ka mtundu umodzi ndi kaja ka Edzi, anthu ena angacite mantha ndi kufuna kutaya kapena kupha mphaka wao. Kutero nkulakwa. FIV sigwira munthu, ngakhale mwana amene asewera ndi mphakayo tsiku ndi tsiku.

Mankhwala ocotsa kacirombo kameneka m'thupi palibe, koma njira yocinjiriza iripo. Mwini mphaka apite naye kwa sing'anga wa ziweto kuti akamfule, pakuti mphaka wofula acepetsa ndeu ndi maulendo. Dzuwa likalowa amtsekere m'nyumba, momwe makoswe ali. Ayang'ane nkhama zace nthawi ndi nthawi. Ngati walumidwa, bala licizidwe msanga, ndipo patapita masiku 60 mwazi wace upimidwe, cifukwa usanafike nthawiyo mwina suonetsa kanthu.

Mphaka wopezeka ndi kacirombo, akamadya bwino ndi kucizidwa msanga akadwala, angathe kukalamba pakhomo pa mwini wace, ali cigwirire makoswe.