Kodi Digiri ya Masamu Imabweza Chiani? Mau Olankhulidwa kwa Makolo ndi Aphunzitsi

Ine ndine mwana pamaso panu, ndipo sukulu yanga inathera ku sekondale. Ku yunivesite sindinapondeko. Koma ntchito yanga ndi kuwerenga malipoti ndi kukuuzani zimene zalembedwamo, ndipo lero ndadza ndi funso limene bambo wina anandifunsa mwezi wathawu. Mwana wao wamkazi wakhoza bwino mayeso a MSCE, ndipo mtima wake uli pa masamu. Bambowo anagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti alipire fizi zaka zinayi, tsono anati kwa ine: "Dokotala timamdziwa, loya timamdziwa. Nanga wa masamu adzadya chiani?"

Funso limeneli si lopusa ai. Anthu a ku England analifunsanso, ndipo anapeza njira yabwino yoliyankhira. Boma la kumeneko linaphatikiza mabuku a sukulu ndi mabuku a msonkho, kotero kuti munthu akatuluka ku yunivesite kumadziwika zimene anaphunzira, ndiponso ndalama zimene akulandira chaka ndi chaka. Mwa njira imeneyi palibe wodzitama kapena wobisa, pakuti wa msonkho sanamizidwa kawirikawiri.

M'chaka cha 2018 bungwe la ku London lotchedwa Institute for Fiscal Studies linasanthula mabuku amenewa, ndi kuona malipiro a anthu atatha zaka zisanu chitulukire ku yunivesite. Linapeza kuti amene anaphunzira udokotala, masamu ndi zachuma ankalandira koposa anzao ndi 30 pa 100 alionse, kapena kupitirira apo. Ndifotokoze monga timawerengera pa msika. Tiyese kuti munthu wa digiri wamba ankalandira mapaundi 100. Wa masamu ankalandira 130 kapena kuposerapo, koma amene anaphunzira zojambula, nyimbo ndi zisudzo ankalandira ngati 75 basi.

Pamenepa wina angaombe m'manja nati nkhani yatha. Koma taimani pang'ono, pakuti inu alimi mukudziwa chinthu chimene ophunzira ena amaiwala. Mukaona munda wa mnzanu wabereka koposa wanu, simufulumira kutama mbeu yake. Muyamba mwafunsa ngati nthaka yake ndi ya kudambo, ngati anathira manyowa, ngati anabzala ndi mvula yoyamba. Ana amene amasankha masamu ku yunivesite, ambiri mwa iwo anali kale okhoza kwambiri ku sekondale, ndipo ana otere akadalandira bwino ngakhale akadasankha phunziro lina. Akatswiri aja anadziwa zimenezi. Choncho anayerekezanso ana ofanana: a mamalikisi ofanana, ochokera ku mabanja ofanana. Atatero, kusiyana kuja kunachepa. Udokotala ndi zachuma zinatsala pa 120, maphunziro a bizinesi, a makompyuta ndi ojambula mapulani a nyumba anapitirira pang'ono 110, ndipo zojambula ndi nyimbo zinakwera kufika pa 85. Phindu la masamu nalonso linatsika. Ndiye kuti gawo lina la malipiro abwino aja ndi la mbeu, koma gawo lalikulu ndi la nthaka, ndiye mwana mwiniyo ndi aphunzitsi amene anamuumba asanapite ku yunivesite.

Aphunzitsi athu mumve apa, chifukwa pali umboni wina wokhudza inu. M'chaka cha 2002 akatswiri awiri, Peter Dolton ndi Anna Vignoles, anasonyeza kuti ku Britain anthu amene anapitiriza masamu m'makalasi otsiriza a sekondale ankalandira koposa anzao ofanana nao ndi 7 kufikira 10 pa 100 alionse. Amenewa si a digiri ya masamu okha ai, koma ndi ena amene pambuyo pake anatsata njira zina. Ine ndikuvomera kuti ndili ku Fomu 2 ndinkabisala kumbuyo kwa anzanga nthawi ya alijebura, ndipo lero ndimamva chisoni ndikawerenga zotere.

Tsono za kupeza ntchito. Apa masamu sali patsogolo monga alili pa malipiro. Amene amapeza ntchito msanga koposa onse ndi madokotala ndi anamwino, chifukwa maphunziro ao ali ngati njira imodzi yolunjika ku chipatala. Wa masamu alibe khomo limodzi lolembedwa dzina lake. Ayenera kufunafuna, ndipo ambiri amayamba aonjezera maphunziro ena chaka chimodzi kapena ziwiri. Koma makomo amene angagogodepo ndi ambiri: mabanki, makampani a inshuwalansi, maofesi owerengera ndalama, ntchito za makompyuta, ndi maofesi a Boma osunga ziwerengero.

Ntchito imodzi ndiifotokoze, popeza ambiri sanaimvepo. Kampani ya inshuwalansi imalandira ndalama pang'onopang'ono kwa anthu zikwi zambiri, ndi kulonjeza kulipira wina akamwalira kapena nyumba yake ikapsa. Ikalipiritsa zochepa igwa. Ikalipiritsa zambiri anthu athawa. Pafunika munthu wowerengera kuti mwa anthu 10,000 a msinkhu wakutiwakuti, ndi angati amene angamwalire chaka chino, ndipo aliyense apereke zingati kuti thumba lisaume. Munthu ameneyu pa Chingerezi amatchedwa actuary. Amalemba mayeso ena ovuta kwa zaka zingapo ali pa ntchito, ndipo malipiro ake ndi abwino ndithu. Thumba la penshoni nalonso limayenda ndi nzeru yomweyo.

Chifukwa chakuti a masamu amakopedwa ndi ntchito zotere, sukulu za ku England zimasowa aphunzitsi a masamu. M'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025 Boma la kumeneko linkapereka mapaundi 28,000 kwa munthu woyenera amene wavomera kuphunzira uphunzitsi wa masamu a ku sekondale. Taganizani, kumlipira munthu kuti aphunzire! Boma silitaya ndalama chotero pokhapokha chinthu chitasowa.

Koma ndikupempheni, musanyamule manambala a ku England ndi kuwatula pano monga alili. Kumeneko mabanki ndi makampani ndi ochuluka. Kuno kwathu anthu ambiri ali pa ulimi, ndipo ntchito za m'maofesi ndi zowerengeka. Ngakhale zili tero, malo a munthu wa masamu alipo. Pamene kalembera wa 2018 anatiuza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu 17,563,749, amene anasonkhanitsa ndi kusanthula manambala amenewo ndi a National Statistical Office ku Zomba. Reserve Bank of Malawi imafuna anthu odziwa kuwerengera kukwera kwa mitengo ya zinthu. Ofufuza za matenda ndi za mbeu sangadziwe ngati mankhwala kapena mbeu yatsopano ikuthandizadi popanda wowawerengera. Ndipo sukulu zathu za sekondale, makamaka za kumidzi, nonse mukudziwa m'mene zimalirira mphunzitsi wa masamu. Wofuna kupitirira digiri yoyamba, ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town kuli African Institute for Mathematical Sciences, imene inatsegulidwa mu 2003 kuti iphunzitse achinyamata ochokera m'maiko onse a mu Africa.

Bambo aja ndinawayankha motere. Ngati mwanayo amakhozadi masamu ndipo amawakonda, asamletse. Koma asanalembe fomu, afunse aphunzitsi ake kuti ndi maphunziro ati amene amalola kuphatikiza masamu ndi ziwerengero, makompyuta, zachuma kapena uphunzitsi, chifukwa wolemba ntchito amafuna kuona chimene masamuwo adzachite mu ofesi yake. Bambowo anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa ngati mwana wamkazi angathe kukhala actuary. Ndinati angathe, mayeso ake ndi amodzimodzi kwa onse. Anati Lolemba apita naye kwa ahedi kukafunsa za fomuyo.

Amene ali ndi mafunso aimirire mmodzimmodzi, tiyambe ndi amayi.