Za Ndalama Zobadwa ndi Cirema

Inu aphunzitsi a m'midzi, pa Mateyu 22 tiwerenga kuti Ambuye wathu, pamene anamuyesa ndi nkhani ya msonkho, anayamba waitanitsa ndalamayo, nafunsa za cithunzi cace ndi malembo ace. Ifenso lero tipenye ndalama, pakuti m'makwalala a Area 4 muno amveka mau akuti khobidi lakale lopotoka ligula nyumba; ndipo ena anyengedwa nao, enanso anyenga anzao.

Ndalama zathu zacitsulo zituruka ku Reserve Bank ku City Centre, koma sizisulidwa kumeneko ai. Zoyamba za Malawi, za caka ca 1964, zinasulidwa ku Royal Mint ku England: sikisi wa tambala, sheleni ya cimanga, ndi ya masheleni awiri ya njobvu. Kacitsulo kosalemba kaikidwa pakati pa zidindo ziwiri, nikapsinjidwa kolimba. Cirema ceniceni cibadwa pomwepo, ndalama isanalowe m'dzanja la munthu. Cimene cidza m'mbuyo mwace, kaya ndi nyundo, kaya ndi moto, ndico cironda cabe, ndipo osonkhanitsa ndalama sacigula.

Tidzazisiyanitsa bwanji? Kacitsulo kakakhala pambali pa cidindo, cithunzi citsetserekera mbali imodzi, ndi kwinako kutsala kosalala monga mwezi watsopano. Koma kulemera kwace kulingana ndi kwa inzace. Ikakhala yobenthuka m'mphepete, penyani mbali yopenyana ndi pobenthukapo: kawirikawiri mkombero wace ukhala wofoka pamenepo, cifukwa citsulo cinaperewera posula. Koma yodula ndi tupa ionetsa mikwingwirima yonyezimira, ndi mkombero wa tsidya lina uli wamphumphu. Apa wonyenga agwidwa, pakuti asamala podula, naiwala kwinako.

Cirema cina ncakuti cidindo comwe cinalembedwa kawiri, monga pa senti la Amereka la 1955, limene caka cace cioneka ciwiri ngakhale popanda galasi. Cina ndico kukwatitsa zidindo zosayenerana. Mu 1967 a Royal Mint anadinda masenti awiri a New Zealand ndi cidindo ca kumaso ca Bahamas, ndipo mu 2008 zinaturuka ndalama za 20 pence za Britain zopanda caka konse. Zotere zifunidwa ndithu. Koma tizidziwa cifukwa anazilinganiza ndi zinzace zabwino, si cifukwa wogulitsa analumbira.

Akulu akumbukira khobidi lobooka pakati la Rhodesia ndi Nyasaland, limene amai ena analitunga pa cingwe. Bowolo si cirema, analipanga dala. Ndipo kukalamba kokha sikukweza mtengo; makobidi amenewo anasulidwa ambirimbiri. Titi nkumva cisoni poona nkhalamba yataya ndalama ya ulendo kudza ku Lilongwe ndi kathumba ka makobidi otere, nibwerera nako.

Tsono inu aphunzitsi, munthu akadza nayo ndalama yacilendo, musamlonjeze cuma, musamsekenso. Ikani ndalama yace pambali pa inzace ya caka comweco, muwerenge malembo limodzilimodzi, muziyese pa sikelo. Ndipo mumletse kuikweca ndi phulusa kapena ndimu, monga ticita ndi mapoto. Yokwecedwa itaya mtengo wace ngakhale cirema cace ciri coona.