Galimoto ikakalamba: tikonze, tigulitse kapena tiphwasule?

 Ine ndine mlimi ngati inu nomwe, ndimalima mbatatesi, chimanga ndi nyemba. Mwandipatsa mpata kuti ndinenepo pa funso limene takhala tikulimva pa pologalamu ya alimi: galimoto ikakalamba tichite nayo chiyani? Tikonze, tigulitse, kapena tiipereke kwa a sukata, aja ogula zitsulo zakutha?

Funsoli si la anthu olemera ayi. Kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, galimoto zambiri zonyamula matumba athu ndi ma Hilux, ma Dyna ndi ma Canter amene anayamba ayenda zaka zambiri ku Japan kapena ku South Africa asanafike m'manja mwathu. Tinazigula zili nkhalamba kale. Ndipo ndalama yokonzera sichokera kwina, ndi yomwe ija ya feteleza ndi ya makope a ana. Akulu anati walira mvula walira matope. Amene walira galimoto, walira makaniko.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Galimoto ya mlimi ili ngati ng'ombe yokoka ngolo. Timaikonda, inde, ena mpaka timaipatsa dzina, koma timaisunga chifukwa cha ntchito yake. Ng'ombe ikayamba kudya kwambiri kuposa mmene ikukokera, palibe mlimi amene amadikira kuti ifere m'khola. Tsono musafunse mtima, funsani kope.

Tengani kope la mwana wasukulu, mulembe mzere pakati. Mbali ino lembani zonse zimene galimoto yabweretsa m'chaka: matola, ndalama zimene anzanu alipira powanyamulira katundu, ndiponso ndalama imene mukanalipira mwini galimoto wina kuti anyamule mbewu zanu. Mbali inayo lembani zimene yadya: dizilo, oyilo, matayala, batire, zitsulo, makaniko, mapepala. Musaiwale masiku amene inagona ku ofisina katundu akudikira. Kuchoka ku Ulónguè, kudzera pa Mussacama mpaka kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita opitirira 200. Galimoto ikafera pakati pa njira itasenza tomato kapena kabichi, dzuwa la kumunsi kuja silidikira makaniko. Zowolazo nazonso zilembedwe ku mbali ya zimene yadya.

Ine ndimawerenga m'matumba a mbatatesi, osati m'ndalama. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, ngakhale ndalama yeniyeniyo inasintha mu 2006 pamene anachotsa mazero atatu pa metikali, koma thumba ndi thumba. Mukati kukonza injini ndi matumba 40, mayi a kunyumba amamva msanga, chifukwa matumbawo anakumba nawo.

Kope likakuuzani zake, yang'anani zinthu zitatu pa galimotoyo.

Choyamba ndi chasi, chitsulo chachikulu cha pansi chimene chimanyamula zonse. Chasi ndiye msana wa galimoto. Itsukeni matope, mulowe pansi masana, mugogode ndi hamala makamaka pamene pamagwira masipuling'i. Chitsulo chabwino chimalira ngwe ngwe. Chodyedwa ndi dzimbiri chimayoyoka ngati khungwa louma. Ngati chasi chinathyokapo ndipo chawotcheredwa kawiri katatu, musathirepo ndalama. Tsiku lina chidzaduka pa mtsetse, pamwamba pa matumba pali anthu.

Chachiwiri ndi injini. Iyi imadziulula yokha ndi utsi. Utsi wakuda kawirikawiri ndi dizilo wosapsa bwino, mwina fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, mwina mainjekita atopa. Zimenezo zimakonzeka. Utsi wabuluu ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo, maring'i atha, ndipo muona kuti mukuthira oyilo ulendo uliwonse. Utsi woyera umene sukutha ngakhale injini yatentha, madzi a mu radiyeta n'kumachepa, oyilo n'kumaoneka ngati tiyi wamkaka, pamenepo madzi alowa mu injini. Gasiketi ya kumutu yapsa, mwinanso mutu womwewo wang'aluka. Kuzizira kwa kuno mu June ndi July kumatulutsa kautsi koyera m'mawa, kameneko kasakuopseni ngati kakutha injini ikatentha. Inu a ma Hilux akale a dizilo, kumbukiraninso lamba wa mkati, uja wa taimini. Pa injini za 2L ndi 3L amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse. Lambayo mtengo wake ndi wochepa, koma akaduka galimoto ikuyenda amawononga mavavu, ndipo mulipira kambirimbiri.

Chachitatu ndi mapepala. Livrete ndi pepala la umwini zikhale m'dzina lanu, ndipo manambala a pa chasi ndi pa injini agwirizane ndi a pa pepala. Lamulo loti galimoto iliyonse ikhale ndi seguro linakhazikitsidwa mu 2003, ndipo kuyambira 2010 galimoto zimayenera kukapimidwa ku inspecção. Galimoto imene singathe kupambana kopimako chifukwa cha mabuleki, magetsi kapena chiwongolero, muziyenda nayo mozemba apolisi, ndipo zindapusa zidzadya phindu lonse.

Tsopano tikonze liti? Konzani ngati chasi ndi cholimba, mapepala ali bwino, ndipo chawonongeka ndi chinthu chimene chimatha pa galimoto iliyonse: klatchi, mabuleki, masipuling'i, mabeling'i, radiyeta. Funsaninso ngati zitsulo zake zimapezeka pafupi. Za Toyota mungazipeze ku Vila, ku Tete, ngakhale kutsidya ku Dedza ndi ku Lilongwe podzera pa Calómuè. Pali mitundu ina imene chitsulo chimodzi muchidikira miyezi. Makaniko akuuzeni mtengo wonse asanamasule nati ngakhale imodzi, ndipo kamveni kwa amakaniko awiri. Zitsulo zimene wachotsa akubwezereni muzione ndi maso.

Yanga ndi Hilux ya dizilo. Titawerenga ndi mayi a kunyumba titakolola, tinapeza kuti inabweretsa za matumba 70, inadya za matumba 45. Chasi chili bwino, utsi wabuluu palibe. Inkafuna klatchi ndi masipuling'i a kumbuyo, matumba 12. Tinagwirizana kuti tikonze. Koma tinaikanso malire, tinalemba m'kope momwemo: tsiku limene makaniko adzati injini itsitsidwe pansi, sitidzagulitsa ng'ombe kapena kukhudza ndalama ya feteleza. Galimoto ndiyo idzapite. Malire otere muziika galimoto ikadayenda, mutu uli woziziritsa. Ikafera pamsewu usiku, munthu umavomera mtengo uliwonse.

Tigulitse liti? Gulitsani ngati zaka ziwiri zotsatizana yadya kuposa zimene yabweretsa, kapena ngati kukonza kukufuna ndalama yoposa theka la mtengo umene mungaigulitsire. Gulitsani ikadalira yokha, chifukwa galimoto yokankha ilibe mtengo. Nthawi yabwino ndi pamene anthu agulitsa mbewu ndi fodya, ndalama zili m'matumba. Mukadikira November, mvula ili pafupi, ogula amadziwa kuti mukufuna feteleza ndipo adzakunyengererani mtengo wa nkhuku. Uzani wogula matenda ake onse. Tikukhala dera limodzi, mawa mukumana pa maliro. Lembani kalata yogulitsirana, pakhale mboni, ndipo musalekere pomwepo: pitani nonse awiri mukasinthe dzina pa mapepala. Galimoto ikachita ngozi dzina likadali lanu, oyamba kufunidwa ndinu. Za kupereka galimoto kuti ndalama ina ibwera mwezi wamawa, samalani nazo. Ikawonongeka m'manja mwake, wogula uja adzati munamugulitsa chakufa.

Nanga kuphwasula? Apa ndi pamene chasi chatha, kapena injini yafa ndipo mapepala ndi osalongosoka. Musathamangire kwa a sukata ndi galimoto yathunthu, iwo amagula pa sikelo, pa kilo, ngati kuti zonse ndi chitsulo chimodzi. Yambani mwagulitsa pachokhapachokha: giyabokosi, difu, sitata, alitaneta, mapampu, zitseko, magalasi, malimu. Eni galimoto za mtundu womwewo adzabwera okha. Ekiselo ndi matayala ake, akalipentala ndi owotcherera amapangira ngolo, ndipo ngolo sifuna dizilo. Masipuling'i osula amasulira nkhwangwa ndi zikwanje. Batire ngati likadasunga moto, lilumikizeni ku sola, liziimbitsa wailesi ya gulu. Zotsala ndiye zipite pa sikelo, mkuwa ndi aluminiyamu padera chifukwa mtengo wake ndi wokwera kuposa chitsulo wamba.

Pophwasulapo chenjerani ndi ziwiri. Oyilo wakuda musathire pansi pafupi ndi chitsime kapena dimba. Batire lakufa muli asidi ndi mtovu, ana asaseweretse, ndipo musaliswe pakhomo.

Choipa kuposa zonse ndi njira yachinayi imene ambiri timaitsata osanena: kuikweza pa miyala kuseri kwa nyumba n'kumati tidzakonza chaka chamawa. Mvula iliyonse imadya mtengo wake. Matayala amang'aluka, makoswe amadula mawaya, nkhuku zimaikira pa mpando, anyamata amazula kachitsulo kamodzikamodzi. Pakatha zaka zitatu ngakhale a sukata amakunyozani.

Pempho langa kwa a pulezidenti ndi ili. Pa msonkhano wa mwezi wamawa, aliyense amene ali ndi galimoto, njinga yamoto ngakhale chigayo abwere ndi kope lake, tiwerengere limodzi, chifukwa mawerengedwe ake ndi amodzi. Tipemphenso a wailesi aitane makaniko wodziwa ntchito pa pologalamu ya alimi, kuti mafunso a utsi ndi a chasi tidzamufunse tokha. Amayi musatsale, matumba amene galimoto ikudya ndi anu omwe.