Njira za Njinga za ku Limburg: Chuma Chimene Chidatsala Migodi Itatsekedwa



Nkhani ya lero ndi ya njinga ya kapalasa, ndipo ikuchokera kutali, ku chigawo cha Limburg, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Belgium. Ena angadabwe kuti msonkhano wolemekezeka chotere ukukamba za njinga. Koma nkhaniyi ikukhudza funso limene mtsogoleri aliyense amakumana nalo, lakuti nkhalango ndi madambo a m'mphepete mwa mzinda azisandutsidwa mapuloti, kapena azisungidwa kuti zipindulire anthu onse.

M'chaka cha 1901, katswiri wina dzina lake André Dumont adapeza malasha pansi pa nthaka ya mchenga pamudzi wa As. Pambuyo pake padatsekulidwa migodi isanu ndi iwiri, ndipo anthu adabwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Poland, Italy, Greece, Turkey ndi Morocco. Genk, umene udali mudzi chabe, udakula n'kukhala mzinda. Koma malasha aja adayamba kudula powakumba kuposa ogula kunja. Mgodi wa Zwartberg udatsekedwa m'chaka cha 1966, ndipo wotsiriza, wa ku Zolder, udatsekedwa m'chaka cha 1992. Anthu zikwizikwi adachotsedwa ntchito. Mavuto adabwereza m'chaka cha 2014 pamene fakitale ya magalimoto ya Ford ku Genk idatsekedwanso.

Nanga chidatsala nchiyani? Padatsala nkhalango za paini zimene zidabzalidwa kuti zizipereka mitengo yochirikizira mapanga a m'migodi. Padatsala zitunda za miyala yofukulidwa pansi, njanji zimene sitima zidaleka kuyendamo, ndiponso maiwe ambirimbiri amene makolo akumeneko ankawetamo nsomba. Kwa munthu wosaganiza mofatsa, zonsezi zidali zotsalira zopanda pake. Atsogoleri a chigawocho adaziona ngati chuma cha mawa.

Nzeru yoyamba idachokera kwa injiniya wa m'migodi, Hugo Bollen. Iye adaganiza zoti mphambano iliyonse ya njira za njinga ipatsidwe nambala yakeyake. Pamphambanopo pamakhala chikwangwani cholozera ku manambala oyandikira, ndiponso mapu a dera lonselo. Wokwera njinga amangolemba manambala amene akufuna kudutsa, nkumatsata zikwangwani mpaka kubwerera kumene adayambira. Safunika kudziwa chiyankhulo cha m'dzikomo kapena maina a midzi. Dongosololi lidayamba m'chaka cha 1995, patangopita zaka zitatu mgodi wotsiriza utatsekedwa. Tsopano njira za manambalazi zili ndi utali wa makilomita pafupifupi 2,000 m'chigawo cha Limburg chokha, ndipo zambiri mwa izo sizilola galimoto. Maiko oyandikana nawo monga Netherlands ndi Germany adatengera nzeru yomweyi.

Pakati pa mizinda ya Hasselt ndi Genk pali malo otchedwa Bokrijk, amene boma la chigawo lidagula m'chaka cha 1938. Malowa ali m'dera la madambo lotchedwa De Wijers, m'mene muli maiwe oposa 1,000. Kumeneko, mu April 2016, kudatsekulidwa njira imene imadutsa pakati penipeni pa dziwe. Njirayi ndi yotalika mamita 212, ndipo m'lifupi mwake ndi mamita atatu. Idamangidwa motsika, ndi zipupa mbali zonse ziwiri, kotero kuti wokwera njinga akafika pakati, madzi amakhala molingana ndi maso ake, abakha nkumasambira pambali pa phewa lake. Aliyense wofuna kupitako amangofunafuna mphambano nambala 91. M'chaka cha 2018 magazini ya Time idaika njirayi pamndandanda wa malo opambana oyenera kuwaona padziko lonse.

M'chaka cha 2019, m'nkhalango ya Bosland ku Hechtel-Eksel, adatsekula njira ina ya mamita 700 imene imazungulira kawiri, nkumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika mamita khumi kuchokera pansi, pakati pa nthambi za mitengo. Nsanamira zake ndi zachitsulo chofiirira chofanana ndi makungwa a paini. Mitengo yomwe idabzalidwira migodi ndiyo ikukopa alendo lero. M'chaka cha 2021 kudabweranso njira yachitatu yodutsa m'chipululu cha tchire lalifupi, m'nkhalango yotetezedwa ya Hoge Kempen imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 2006.

Amayi ndi abambo, phindu la ntchito imeneyi lili patatu. Loyamba ndi moyo wa munthu. Njinga ikamalimbirana msewu ndi lole, wovulala amadziwika kale. Pamene galimoto sililoledwa, mwana wa sukulu ndi nkhalamba yomwe amayenda mtima uli m'malo. Lachiwiri ndi chitetezo cha chilengedwe. Njira yokonzedwa bwino imasonkhanitsa mapazi a anthu pamalo amodzi, bango ndi zisa za mbalame nkutsala osapondedwa. Komanso nkhalango imene anthu amadutsamo tsiku ndi tsiku imakhala ndi alonda ambiri, pakuti wodula mtengo kapena wotaya zinyalala sangabisale, ndipo wofuna kuigulitsa amakumana ndi anthu oikonda. Lachitatu ndi ntchito. Alendo okwera njinga amayenda pang'onopang'ono, amaima m'midzi, amadya, amagona, amabwereka njinga ndi kukonzetsa matayala, ndipo ndalama zawo zimatsala m'manja mwa anthu wamba.

Zonsezi zidatheka chifukwa cha umodzi ndi kusunga mwambo pantchito. Njira yochoka mumzinda umodzi kupita ku wina imadutsa m'malire a makhonsolo angapo, m'nkhalango za boma ndi m'malo a anthu. Khonsolo imodzi ikadakana, njirayo ikadathera panjira. Akulu adati mutu umodzi susenza denga. Ndipo kumanga si mathero a ntchito: chikwangwani chimodzi chikagwa osadzutsidwa, mlendo amasochera ndipo sabweranso.

Dziko lino silikusowa okwera njinga. M'mawa uliwonse akabaza ndi anthu onyamula katundu wa kumsika amalowa m'mizinda m'mphepete mwa phula, magalimoto akuwapyola pafupi. Mzinda wa Lilongwe, umene udakhala likulu m'chaka cha 1975, udakonzedwa ndi malo otakasuka, ndipo pakati pake padasiyidwa nkhalango yotetezedwa m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Koma malo otere amatha mwakachetechete, puloti imodzi lero, ina mawa. Dambo likadzaza nyumba, madzi a mvula amasowa pokhala, ndipo anthu a ku Mtandire adaona mphamvu ya Lingadzi pamene udasefukira m'chaka cha 2017.

Phunziro la ku Limburg silikufuna milatho yachitsulo. Likufuna kuti wogawa malo, injiniya wa misewu, mlangizi wa zankhalango ndi khansala akhale pamodzi, alembe pamapu mizere ya njira za njinga m'mbali mwa mitsinje ndi m'nkhalango malowo asanagawidwe, ndipo mizereyo ilemekezedwe ndi wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Njira ya dothi lotsendereka bwino, yokhala ndi ngalande ndi zikwangwani, ndi chiyambi chokwanira. Atsogoleri a Chipani m'madera ali ndi udindo wofotokozera anthu chifukwa chake malo amenewa sayenera kumangidwapo, ndiponso wokhala oyamba kukana puloti ya m'dambo pamene aininkhidwa.

Mgodi umatha, fakitale imatsekedwa, koma dambo losungidwa bwino limatumikira ana ndi adzukulu. M'mera mpoyamba.