Tsiku Limodzi pa Berea College ku Kentucky

Komiti ya chikondwerero inatipempha kuti pa masiku ano a zaka 50 tifotokozeko za ulendo umene tinayenda ku America pamodzi ndi akulu a mpingo awiri. Lipoti la msonkhano tinapereka kale ku bungwe la akulu. Lero tingosankhapo tsiku limodzi limene otilandira anatitengera kukaona sukulu yakale yotchedwa Berea College.

Berea ndi tauni yaing'ono m'chigawo cha Kentucky, pafupifupi makilomita 60 kumwera kwa mzinda wa Lexington, pamene mapiri a Appalachia akuyambira. Dzinali analitenga ku Bereya wa m'buku la Machitidwe, mutu 17. Kolejiyi ndi ya mtundu umene iwo amautcha liberal arts. Tanthauzo lake ndi loti mwana salowa kuti aphunzire ntchito imodzi basi. M'zaka zinayi amalawa mbiri yakale, masamu, sayansi, zilankhulo, kuyimba ndi filosofi, kenaka n'kusankha chimodzi choti achizamire. Wodzakhala namwino amawerengako ndakatulo, wodzakhala mphunzitsi wa Chingerezi amalowako mu labotale.

Anayambitsa sukuluyi mu 1855 ndi mbusa John G. Fee. Bambo wake anali ndi akapolo. Fee ataphunzira zaubusa ku Lane Seminary mumzinda wa Cincinnati anabwerera kwawo akulalikira kuti ukapolo ndi tchimo, ndipo bambo wake anamuchotsa pa cholowa. Malo anapatsidwa ndi Cassius Clay, munthu wachuma amene nayenso ankadana ndi ukapolo. Fee anafuna sukulu ya akuda ndi azungu, amuna ndi akazi, m'kalasi imodzi, m'dera limene kugula ndi kugulitsa munthu kunali kololedwa ndi lamulo. Mu December 1859 anthu a mfuti anathamangitsa aphunzitsi ndi mabanja awo. Nkhondo yapachiweniweni itatha anabwerera, ndipo m'chaka cha maphunziro cha 1866 mpaka 1867 ophunzira anali 187: akuda 96, azungu 91.

Wophunzira amene ankatiyendetsa sanatibisire mbali yowawa. Mu 1904 nyumba ya malamulo ya Kentucky inakhazikitsa lamulo lotchedwa Day Law, loletsa akuda ndi azungu kuphunzira pamodzi. Koleji inakadandaula mpaka ku khoti lalikulu la dziko lonse, koma mu 1908 inaluza mlandu. Ana akuda anachoka. Anawasonkhera ndalama n'kuwamangira sukulu ina, Lincoln Institute, kufupi ndi Louisville, koma kuwabwezera pa Berea kunadikira mpaka 1950 pamene lamulo linasinthidwa. Zaka 46 sukulu inali ndi mawu ochokera pa Machitidwe 17:26 pa chidindo chake, mawu onena za umodzi wa mitundu ya anthu, pamene m'makalasi munali mtundu umodzi wokha. Tinakondwera kuti mbiri imeneyi amaifotokoza okha kwa mlendo, osadikira kufunsidwa.

Chimene chinatigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya fizi. Kuyambira 1892 wophunzira wa pa Berea salipira fizi ya maphunziro. Ndipo mwana wa munthu wolemera samulandira, ngakhale akhoze bwanji. Amafuna ana anzeru ochokera m'mabanja osauka, ambiri a iwo ochokera kumapiri konko, ndi ena ochepa ochokera kumayiko akunja, Africa kuphatikizapo. Ophunzira onse ndi pafupifupi 1,500. Ndalama zimachokera ku thumba limene anthu akhala akuponyamo mphatso ndi chuma chamasiye kwa zaka zoposa 100. Thumbalo linapitirira madola 1 biliyoni, ndipo salidya lenilenilo, amadya phindu lake. Amene munasungako ng'ombe mukumva: mkaka amamwa, ng'ombe sapha.

Koma mwana aliyense amagwira ntchito maola osachepera 10 pa sabata, ndipo amalandira kamalipiro. Ena ali kumunda ndi kukhola la koleji, ena kukhitchini, ena m'laibulale, ena amalandira alendo pa hotela ya koleji yotchedwa Boone Tavern imene inamangidwa mu 1909. Ena amaluka nsalu, kuumba mbiya, kupala matabwa ndi kumanga matsache. Kagwiridwe ka ntchito kamalembedwa monga amalembera mamakisi a mayeso, ndipo waulesi amachenjezedwa chimodzimodzi ndi wolephera m'kalasi.

Tinalowanso m'nyumba yopemphereramo yotchedwa Phelps Stokes Chapel, imene ophunzira anamanga ndi manja awo pakati pa 1904 ndi 1906 ndi thandizo la Olivia Phelps Stokes. Dzina limeneli aphunzitsi opuma amene muli muno mukulidziwa. Chuma cha mbale wake Caroline ndicho chinayambitsa bungwe la Phelps-Stokes, limene nthumwi zake, pamodzi ndi James Aggrey wa ku Gold Coast, zinafika ku Northern Rhodesia mu 1924 kudzaona masukulu a mishoni. Uphungu wawo unali woti mwana wa Mwafirika aphunzire kwambiri ulimi, ukalipentala ndi ukhondo wa m'mudzi. Makolo athu ambiri anaukayikira uphunguwo, chifukwa anaona ngati akupatsidwa khasu kuti asafike pa buku. Sanalakwe kukayika. Pa Berea tinaona kusiyana kwake: mtsikana amene tinamupeza akumanga tsache anatiuza kuti akuphunzira kemisitiri ndipo akufuna udokotala. Tsache silinamutsekere khomo la labotale.

Masana tinalowa m'sitolo ya koleji kumene amagulitsa mabuku. Mukangolowa mumayamba mwakumana ndi majuzi, zipewa ndi makapu olembedwa dzina la sukulu, monga zimakhalira m'masitolo otere. Mmodzi wa akulu athu anatembenuza kapepala ka mtengo wa juzi, n'kuwerengera m'makwacha, n'kuibwezera mwaulemu pamalo pake. Koma chamkati muli mashelefu a mabuku onena za dera lawo: mbiri ya migodi ya malasha, nyimbo za kumapiri, kaphikidwe, mitengo ndi mbalame za kumeneko, ndi nkhani zolembedwa ndi ana a m'deralo monga Wendell Berry ndi bell hooks, mayi amene anaphunzitsako pa kolejiyi. Anthu a kumapiri amenewa anzawo a m'mizinda amawanyoza kuti ndi otsalira, monga ena amanyozera munthu wofika kumene ku Lusaka kuchokera kumudzi. Koma sukulu yawo inaona kuti moyo wawo ndi woyenera kulembedwa, kusindikizidwa ndi kugulitsidwa.

Apa ndi pamene tinaima nthawi yaitali. Pokonza kabuku kamene mwagwiraka, komiti inavutika kupeza maina a amene anaumba njerwa za tchalitchi choyamba. Mabuku a maminitsi ena anadyedwa ndi chiswe, ndipo agogo amene akanatiuza tinawaika kale m'manda. Fee analemba yekha mbiri ya moyo wake, inatuluka mu 1891, ndipo lero mwana wa zaka 19 akutha kuuza mlendo wochokera ku Zambia chaka chimene aphunzitsi anathamangitsidwa.

Pashelefu ina tinapeza buku la Carter G. Woodson lotchedwa The Mis-Education of the Negro, la mu 1933. Woodson anagwirako ntchito m'migodi ya malasha, anamaliza pa Berea mu 1903, chaka chimodzi Day Law isanabwere, kenaka anatenga digiri ya udokotala wa maphunziro ku Harvard. Ndiye anayambitsa sabata yokumbukira mbiri ya anthu akuda mu 1926, imene inakula n'kukhala mwezi wonse wa February ku America. Akanachedwa kubadwa ndi zaka zochepa, chipata cha Berea akanachipeza chotseka.

Ndalama za m'thumba zinatikwanira mabuku atatu: la Woodson, lina la mbiri ya kolejiyi, ndi lina la zithunzi za ntchito zamanja za ophunzira. Tinagulanso katsache kamodzi kopangidwa ndi ophunzira, kamene pa bwalo la ndege anakayang'anitsitsa asanatilole kudutsa. Mabukuwa ali m'kabati ya ku vesitire. Wofuna kubwereka alembetse kwa alembi a mpingo, ndipo abweze pakatha masabata awiri. Achinyamata a Giredi 12 ndiwo ayambe.