Katundu wa pa Foni: Mau a Mlembi pa Tsiku la Chikumbutso



Za odwala amene tidawayendera ndi za ndalama zimene zili m'thumba mwamva kale m'maŵa muja. Tsopano komiti yatituma kuti tilankhule nkhani imodzi imene yatigwetsa misozi chaka chino, ndiyo ya kugula katundu wa ndalama zambiri kwa munthu amene sitidamuonepo nkhope, pa misika imene ili m'mafoni. Ife sukulu tidalekera ku pulaimale, kotero musayembekeze mau a anthu ophunzira. Tinena zimene taona ndi maso athu kuno ku Nkhata Bay, ndi zimene tafunsa kwa odziŵa.

Mau akuti okushoni si achilendo kwa ife. Amene muli ndi abale olima fodya ku Rumphi kapena ku Mzimba mukudziŵa m'mene zimakhalira ku okushoni ya ku Mzuzu. Mabelo amawandanditsa pansi, ogula amayenda m'mizere, fodya amamgwira, amaona mtundu wake, ndipo pamenepo mpamene amatchula mtengo. Ngakhale kugombe kuno, mabwato akafika m'mamaŵa timapikisana mitengo ya usipa, koma usipawo tikuuona, ndipo msodziyo timadziŵa kwao ndi amai ake omwe. Akatinyenga lero, maŵa timpeza pomwepo. Makolo athu nawonso ankagula zinthu zakutali. Amene adapita ku Halale ndi ku Joni ankabwera ndi njinga ndi makina osokera a Singer, natsika nazo pa jeti pano kuchokera m'sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Koma makinawo ankagula atawapalasa okha m'sitolo, ndipo ankayenda nawo limodzi mpaka kumudzi.

Okushoni ya masiku ano ili m'foni. Idayambira ku maiko akutali, monga msika wotchuka uja wa eBay umene udatsegulidwa ku America mu 1995, ndipo misika ikuluikulu yotere ili ndi malamulo ake obwezera ndalama ngati wogula sadalandire katundu. Koma imene ikufika m'manja mwa ana athu kuno ndi ya pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, kumene munthu aliyense angathe kuika chithunzi cha chinthu chimene alibe, nadzitcha dzina losakhala lake. Pakati pa iye ndi inu palibe mboni.

Mai mnzathu wina watilola kuti tinene zimene zidamuonekera, dzina lokha tisatchule. Amuna ao pomwalira adawasiyira boti ndi chilimira, koma injini idaali itatha. Mwana wao amene ali ku Johannesburg wakhala akutumiza pang'onopang'ono kwa zaka ziŵiri kuti agule ina, pakuti boti lopanda injini silifika kumene kuli nsomba masiku ano. Tsiku lina mdzukulu adawaonetsa chithunzi pa foni: injini yonyezimira, ikadali m'bokosi. Pamwamba padalembedwa kuti ndi katundu wolandidwa ku malire chifukwa cha msonkho, ndipo akumgulitsa pa okushoni imene itsekedwa Lachisanu. Mtengo woyambira udaali wosafika ndi theka lomwe la mtengo wa m'sitolo ku Mzuzu.

Maiwo adatchula mtengo wao. Pasanapite ola, wina adawonjezerapo. Iwo nawonso adawonjezera, winayo nkuwonjezeranso, mpaka mtima udayamba kutentha monga umachitira tikamalimbirana chitenje chimodzi pa msika. Lachisanu madzulo foni idalira. Mnyamata wa mau aulemu, wodziŵa kunena "amai anga", adati apambana ndi iwo, koma alipire theka usiku womwewo pa foni, apo ayi injini ipita kwa wachiŵiri uja. Adalipira. Lolemba adati pali ndalama ina yotulutsira katundu m'nyumba yosungiramo. Adalipiranso. Lachitatu adati yatsala ya lole yonyamula, ndipo imeneyi maiwo adachita kukongola ku banki m'khonde yathu, osanena chifukwa chenicheni. Tsiku limene adauzidwa, adakwera galimoto ya m'bandakucha kupita ku Mzuzu pamodzi ndi anyamata aŵiri odzanyamula. Adakhala pa depoti kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kuloŵa. Foni ya mnyamata uja idayamba yalira osayankhidwa, pambuyo pake idangozima.

Amai anzathu, tisaseke. Mai ameneyu ndi wochenjera, adalera ana asanu ndi geni ya nsomba ndipo sadaluzepo ndi tambala yomwe pa msika. Chimene sadadziŵe ndi chakuti wopikisana naye uja adaali wakuba yemweyo, kapena mnzake, atagwira foni yachiŵiri. Ntchito ya wopikisanayo ndi iŵiri: kukweza mtengo, ndi kukutsimikizirani kuti katunduyo alipodi, pakuti mumati anthu ena sangalimbirane chinthu chimene kulibe. Chithunzi chija adangochitenga kwina pa intaneti. Ndipo taonani m'mene adadyera ndalamazo: osati kamodzi, koma katatu. Munthu akalipira koyamba amaopa kutaya zoyambazo, nkumaponya zina pambuyo pake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma mkuyu umenewu ngakhale kuutsegula sungathe, chifukwa uli m'galasi.

Tisadziyeretse ifenso a komiti. Mwezi womwewo tidatsala pang'ono kutaya thumba lonse la bungwe. Mukukumbukira kuti tidagwirizana zogula makina osokera asanu ndi amodzi ophunzitsira atsikana amene adasiya sukulu. Tidaona pa foni makina otsika mtengo, akuti ali ku Lilongwe, ndipo ambiri a ife, mlembi wanu poyamba, tidati titumize chikole msanga ena asanatilande. Amai a Msungichuma adakana kusaina. Tidawanena kuti ndi ouma mutu, ndipo lero tikupepesa pamaso pa nonsenu. Iwo adati atume mphwao amene amagwira ntchito ku Lilongwe komweko akaone. Wogulitsayo atamva zimenezi adati mwini kiyi wapita ku maliro. Maŵa lake adati malamulo salola kuona katundu usanalipire. Mnyamatayo adapitabe pa malo amene adatchulawo, ndipo adapezapo chigayo.

Tinenekonso za galimoto, chifukwa azibambo ambiri kumbuyoko mtima uli pa Sienta yonyamula anthu pa mseu wa Mzuzu. Galimoto zimenezi zimachokeradi ku Japan, ndipo ambiri adagula bwino, sitikukana. Koma pa okushoni zikuluzikulu za kumeneko, monga ya USS, saloŵapo munthu wamba. Amapikisana ndi amalonda olembetsedwa okha. Tsono amene akukuuzani kuti inuyo mwapambana galimoto pa okushoni ya ku Japan muli khale pa khonde panu, mfunseni bwino kuti wakuimirani ndani, ndipo ofesi yake ili kuti. Akuba ena amapanga tsamba lofanana ndi la kampani yeniyeni, nasintha chilembo chimodzi chokha m'dzina. Ena amatumiza kalata yonena kuti kampani yasintha akaunti ya ku banki, ndipo akaunti yatsopanoyo imakhala m'dzina la munthu. Kampani yoona silandirira ndalama za galimoto m'thumba la munthu mmodzi.

Ngakhale galimotoyo ikhale yeniyeni, mtengo wa pa chithunzi si mtengo wofikira pakhomo. Sitima imaitula pa doko la Dar es Salaam. Pamenepo pali zolipira za padoko, wokuyendetserani zikalata, dalaivala ndi mafuta a ulendo wonse wodzera ku Mbeya mpaka pa malire a Songwe ku Karonga. Pa Songwe a MRA amaŵerengera msonkho molingana ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo, ndipo yakale kwambiri msonkho wake umakwera. Onjezanipo kuti malonda ameneŵa ndi a madola. Kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, nitsitsidwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Amene galimoto yake idaali pa nyanja masiku amenewo adapeza kuti ndalama imene adasungira msonkho sikukwananso. Komanso makilomita olembedwa pa wotchi ya galimoto anthu osakhulupirika amawabweza m'mbuyo, nkhalamba nkuoneka ngati namwali.

Mwina wina afunsa kuti kodi boma lili kuti. Lamulo lilipo, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 2016 lamulo loona za malonda ndi umbanda wa pa makina a intaneti. Mu 2018 tonse tidaima pa mizere kulembetsa manambala athu a foni ndi chitupa cha unzika, monga adalamulira a MACRA. Koma akuba amalembetsa manambala ndi zitupa za anthu ena, kotero dzina limene limatuluka potumiza ndalama lingathe kukhala la gogo wina wakumudzi amene sadziŵa kanthu. Nchifukwa chake tikuti chitupa chanu musabwereke munthu, ngakhale akulonjezeni sopo. Manyuzipepala akhala akulemba kuti ena mwa oimba mafoni achinyengoŵa ndi akaidi a ku ndende ya Zomba. Taganizani, munthu ali m'ndende, koma akugulitsa injini kwa mai wa ku Nkhata Bay! Ndalama ya pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndi yothandiza, tonse timalandirirapo za ana athu, koma imayenda ngati mphezi. Wakubayo akangoitapa kwa ejenti, kuibweza nkovuta.

Chimene chatipweteka koposa ndi ichi. Mai mnzathu uja adakhala milungu itatu osauza munthu. Ku msonkhano sankabwera, tinkayesa akudwala. Mwana wao akaimba kuchokera ku Joni kufunsa za injini, ankangoti ili m'njira. Manyazi ndiwo adawatsekera pakamwa, ndipo akuba amadalira manyazi ameneŵa kuposa foni. Akadanena tsiku lomwelo, tikadathamangira ku polisi ndi ku ofesi ya kampani ya foni nambalayo isanatayidwe. Pamene nkhani idamveka, amai ena aŵiri a mumpingo muno adabwera kwa ife usiku, mmodzi za firiji, wina za mabatire a sola. Onseŵa adaali chete, aliyense akuyesa kuti wopusa ndi iye yekha. Ndipo tikudziŵa kuti azibambo mumabisa koposa ife.

Tsono komiti idakhala pansi ndipo tidamanga mfundo zimene tikupempha msonkhano uno uvomereze. Ndalama ya bungwe sidzatuluka kugulira chinthu chimene mmodzi wa ife, kapena mbale amene tamtuma, sadachigwire ndi manja nachiyesa. Ngati ndi injini, ailize pamaso pake. Ngati ndi makina, asokerepo kansalu. Wogulitsa woona sakwiya mukati mubwere mudzaone, ndipo amakupatsani lisiti lokhala ndi dzina la sitolo. Akanena kuti katundu ndi wolandidwa ndi boma, pitani nokha ku ofesi ya MRA ku Mzuzu mukafunse, ulendo wake ndi wa makilomita osakwana 50, ndipo mtengo wa galimoto ndi wochepa poyerekeza ndi zimene mungataye. Akakufulumizitsani kuti lero lomwe, pamenepo mpoyenera kugona kaye; kuona maso a nkhono nkudekha. Ku banki m'khonde, wokongola ndalama yaikulu azinena chimene akukagula, osati kuti timuchititse manyazi, koma kuti maso akhale ambiri. Ndipo nambala yanu yachinsinsi ya pa foni musauze munthu, ngakhale anene kuti akuimba kuchokera ku kampani.

Inu ana athu, amene mafoni mumawadziŵa kuposa ife, tikupemphani kuti mukaona chinthu chotsika mtengo musathamangire kuonetsa agogo anu ngati mwatola. Mdzukulu uja mpaka lero sayang'ana agogo ake m'maso, chonsecho iye ankafuna kuthandiza.

Za mai mnzathuyo, nkhani ili ku polisi, koma ndalama sizidabwerere. Ngongole ya ku banki m'khonde tidagwirizana kuti abweze pang'onopang'ono popanda chiwongoladzanja. Mwana wao tidamuimbira tili pamodzi, Amai a Pampando ndiwo adayamba kulankhula, ndipo mnyamatayo adalira, kenaka adati ayambanso kusunga. Boti lija pakali pano alibwereketsa kwa msodzi wina amene ali ndi injini, ndipo amagaŵana nsomba. Mbale imene iyende tikatha nyimbo ndi yothandizira iwowo. Makina osokera tagula atatu okha ku Mzuzu, Amai a Msungichuma atawapalasa okha limodzi ndi telala amene adapita naye, ndipo ali m'chipinda cham'mbali kwa amene afuna kuwaona tisanadye.